Mafunso ndi mayankho: mapulogalamu a Latin hypercube ndi manambala oyendera limodzi

Mafunsowa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa ophunzira, mainjiniya ndi ofufuza amene akufuna kuyendetsa modelo ya pa kompyuta kambirimbiri ndi manambala osiyanasiyana. Latin hypercube ndi njira yosankhira manambala amenewo. Tayamba ndi osavuta. Amene mukudziwa kale njira ya Latin hypercube mukhoza kupita pa funso la Iman ndi Conover, chifukwa mavuto ambiri amayambira pamenepo.

Kodi mapulogalamu amenewa amagwira ntchito yanji?

Tiyerekeze kuti muli ndi modelo yowerengera madzi a m'damu, kufala kwa matenda, kapena phindu la munda wa chimanga. Modeloyo imafuna manambala olowetsa, monga mvula ya chaka, zokolola pa hekitala ndi mtengo wa feteleza, koma palibe ndi imodzi yomwe imene mukuidziwa ndendende. Chimene muli nacho ndi distribution ya nambala iliyonse, kutanthauza manambala amene angathe kutuluka ndi mwayi woti iliyonse ituluke.

Pulogalamu imakukonzerani tebulo. Kolamu iliyonse ndi cholowetsa chimodzi, ndipo mzere uliwonse ndi ulendo umodzi woyendetsa modelo. Ngati zolowetsa zili 12 ndipo modelo muiyendetsa ka 200, tebulo lidzakhala la mizere 200 ndi makolamu 12. Mukayendetsa mizere yonse, mumapeza zotsatira 200, ndipo kusiyana kwa zotsatirazo ndi kumene kumakuuzani kukula kwa chikayiko pa yankho lanu.

Mkati mwa ntchitoyi muli ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi kusankha manambala a kolamu iliyonse payokha. Yachiwiri ndi kugamula kuti nambala iti ya kolamu iyi ikhale pa mzere umodzi ndi nambala iti ya kolamu inayo. Mapulogalamu onse amaichita bwino yoyamba. Yachiwiri ena saichita n'komwe, ndipo sakuuzani.

Kodi n'chimodzimodzi ndi kugawa anthu m'magawo pa kafukufuku wa m'makomo?

Ganizo lake ndi lachibale, koma ntchito ndi ina. Pa kafukufuku ngati amene amachita a National Statistical Office ku Zomba, amagawa dziko m'maboma, m'tauni ndi kumudzi, kenako amasankha makomo enieni m'gawo lililonse. Kuno palibe khomo kapena munthu wosankhidwa. Chogawidwa ndi distribution ya nambala, ndipo manambalawo imapanga ndi kompyuta. Ngati mukufuna kusankha makomo kapena masukulu pa mndandanda, mapulogalamu amene atchulidwa pano si anu.

Latin hypercube imasankha bwanji manambala?

Pa cholowetsa chilichonse, pulogalamu imadula mtunda wa pakati pa 0 ndi 1 m'magawo ofanana, ochuluka ngati mizere imene mukufuna. M'gawo lililonse imatola nambala imodzi mwamaere. Nambala imeneyo imadutsa pa inverse CDF ya distribution, fomula yosandutsa mwayi kukhala nambala yeniyeni, kuti isanduke mamilimita, makwacha kapena matani. Pomaliza imasakaniza ndondomeko ya kolamu iliyonse payokha.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mvula ikutsatira normal distribution ya avareji 900 mm ndi standard deviation 150 mm, ndipo mukufuna mizere 5. Magawo ndi 0 mpaka 0.2, 0.2 mpaka 0.4, mpaka kukafika pa 1. Mu mamilimita, malire ake akugwera pa 774, 862, 938 ndi 1,026. Choncho mudzapeza nambala imodzi yochepera 774, imodzi pakati pa 774 ndi 862, imodzi pakati pa 862 ndi 938, imodzi pakati pa 938 ndi 1,026, ndi imodzi yoposa 1,026. Magawowa ndi ofanana pa mwayi, osati pa mamilimita: apakati ndi opapatiza chifukwa mvula imagwera pamenepo nthawi zambiri.

N'chifukwa chiyani osangotola manambala mwamaere basi?

Maere amasiya mipata. Mukatola manambala 10 mwamaere wamba, mwayi woti gawo lapamwamba kwambiri mwa magawo 10 likhale lopanda kanthu ndi 0.9 kudzichulukitsa ka 10, pafupifupi 35 pa 100 aliwonse. Latin hypercube salola zimenezo, gawo lililonse limalandira nambala yake.

Phindu lake limaoneka kwambiri modelo ikakhala yolemera, yoti ulendo umodzi umatenga ola kapena usiku wonse. McKay, Beckman ndi Conover anaonetsa mu 1979 kuti ngati zotsatira zimangokwera kapena kungotsika pamene cholowetsa chilichonse chikukwera, avareji yochokera ku Latin hypercube imagwedezeka pang'ono kuyerekeza ndi ya maere wamba. Michael Stein anafotokoza chifukwa chake mu 1987: njirayi imachotsa kugwedezeka kochokera ku cholowetsa chilichonse pachokha, n'kusiya kochokera ku kugwirana kwa zolowetsa ziwiri kapena zingapo. Modelo imene zotsatira zake zimadalira kwambiri kugwirana koteroko sipindula zambiri. Komabe simuluza: Art Owen anaonetsa kuti sampulo ya Latin hypercube ya mizere n siingaipe kuposa ya maere wamba ya mizere n kuchotsapo umodzi.

Njirayi inachokera kuti?

Inabadwira ku United States, m'malabotale a boma. Michael McKay ndi Richard Beckman anali ku Los Alamos, ndipo W. J. Conover anali ku Texas Tech University. Vuto lawo linali mamodelo a chitetezo cha magetsi a nyukiliya, amene pa makompyuta a nthawiyo sankatheka kuyendetsedwa kambirimbiri. Ronald Iman wa ku Sandia National Laboratories ndi Conover anawonjezera njira yoikira correlation, muyeso wa mmene manambala awiri amayendera limodzi, mu 1982, ndipo mu 1984 Iman ndi Shortencarier anatulutsa pulogalamu ya FORTRAN 77 yotchedwa LHS. Njirayi inagwiritsidwa ntchito pa lipoti la NUREG-1150 la 1990 lokhudza ngozi za ma reactor, komanso powunika malo okwirira zinyalala za nyukiliya a WIPP pafupi ndi Carlsbad ku New Mexico. Ofufuza za matenda anaitengera makamaka kwa Blower ndi Dowlatabadi, amene anaigwiritsa ntchito pa modelo ya kufala kwa HIV mu 1994.

Ndigwiritse ntchito pulogalamu iti?

Zimadalira kumene modelo yanu ili. Ya Sandia lero imapezeka mkati mwa Dakota, pulogalamu yaulere imene imatha kuyendetsanso modelo yanu yokha. M'fayilo yake mumalemba sample_type lhs, kuchuluka kwa samples, seed (nambala yoyambitsira maere a kompyuta), ndi uncertain_correlation_matrix. Imatenga nthawi kuiphunzira, koma imachita ntchito ziwiri zonse zija.

Mu R muli phukusi la lhs, limene randomLHS yake imapereka manambala a pakati pa 0 ndi 1 okha. Kuwasandutsa kukhala mamilimita kapena makwacha mumachita nokha ndi qnorm, qlnorm kapena qbeta, ndipo correlation mukhoza kuika ndi cornode ya mu phukusi la mc2d. Mu Python muli scipy.stats.qmc, imene inalowa mu SciPy 1.7 mu 2021. LatinHypercube yake silandira matrix ya correlation, choncho gawo limenelo mumalemba nokha, ndipo mizere yake ili m'munsimu. MATLAB ili ndi lhsdesign. Ngati modelo ili mu Excel, @RISK ndi Crystal Ball amachita zonse, koma ndi ogula.

Kwa wophunzira amene alibe ndalama ya laisensi, R kapena Python ndi zokwanira. Palibe chimene mapulogalamu ogula amachita pa nkhaniyi chimene mizere 20 ya Python singachite.

Kodi correlation ndi yofunika bwanji? Sindingaisiye?

Mukaisiya, mwanena kuti zolowetsa zanu siziyendera limodzi, ndipo pulogalamu idzakhulupirira. Idzaika zokolola zochuluka pa mzere umodzi ndi chilala, kapena mtengo wotsika wa chimanga m'chaka chimene aliyense wakolola zochepa. Mizere yotere imasokoneza kukula kwa chikayiko. Pamene mukuphatikiza zinthu zokwera limodzi, monga mitengo ya simenti, zitsulo ndi mayendedwe pa ntchito yomanga, kusiya correlation kumachepetsa kusiyana kwa zotsatira, ndipo mumaoneka otsimikiza kuposa mmene muyenera kukhalira. Pamene mukuchulukitsa zinthu zoyenda motsutsana, monga zokolola ndi mtengo wake, kuisiya kumakokomeza kusiyanako.

Mukhoza kuisiya ngati ili yaing'ono kapena ngati chimodzi mwa zolowetsa ziwirizo sichikhudza kwenikweni zotsatira. Njira yodziwira ndi kuyendetsa kawiri, koyamba muli correlation ndipo kachiwiri mulibe, n'kuyerekeza.

Njira ya Iman ndi Conover imayenda bwanji?

Mfundo yake ndi yakuti siisintha nambala ngakhale imodzi. Imangosuntha manambala a kolamu iliyonse kukwera kapena kutsika mizere. N'chifukwa chake magawo onse amakhalabe odzaza ndipo distribution iliyonse imakhala mmene munaifunira, kaya ndi normal, lognormal, triangular kapena yochokera ku deta yanu.

Choyamba pangani tebulo X la Latin hypercube la mizere n ndi makolamu k, ndipo lembani matrix C ya correlation imene mukufuna. Kenako pangani tebulo lachiwiri S lofanana kukula, limene kolamu yake iliyonse ili ndi manambala a van der Waerden, ndiwo inverse CDF ya normal pa 1/(n+1), 2/(n+1), mpaka n/(n+1), osakanizidwa mwamaere. Werengerani correlation ya S yomweyo, muitche T. Siidzakhala ziro ndendende kunja kwa diagonal, chifukwa maere amabweretsa correlation yangozi. Gawani C ndi T mwa njira ya Cholesky kuti mupeze P ndi Q. Chulukitsani S ndi inverse ya Q kuti muchotse correlation yangoziyo, kenako ndi P kuti muike yomwe mukufuna. Pomaliza sanjani kolamu iliyonse ya X motsatira ma rank a tebulo latsopanolo: pamene pali rank 1 paikidwe nambala yaing'ono kwambiri ya X, pamene pali rank n paikidwe yaikulu kwambiri.

Mu Python zimaoneka chonchi:

```
z = stats.norm.ppf(np.arange(1, n+1) / (n+1))
S = np.column_stack([rng.permutation(z) for _ in range(k)])
P = np.linalg.cholesky(C)
Q = np.linalg.cholesky(np.corrcoef(S, rowvar=False))
S2 = S @ np.linalg.inv(Q).T @ P.T
r = stats.rankdata(S2, axis=0, method="ordinal").astype(int) - 1
Y = np.column_stack([np.sort(X[:, j])[r[:, j]] for j in range(k)])
```

Anthu ambiri olemba okha amadumpha Q. Zotsatira zimaoneka ngati zabwino, koma pa mizere yochepa correlation yangozi imatsalira pamwamba pa imene munapempha. Enanso amaiwala .T, ndipo kompyuta siidandaula chifukwa matrix ndi ya mbali zofanana. Cholakwikacho chimangoonekera mukayeza tebulo.

Bwanji osangochulukitsa tebulo la Latin hypercube ndi Cholesky mwachindunji?

Chifukwa kuchulukitsako kumasakaniza makolamu. Kolamu yoyamba imapulumuka, koma yachiwiri imakhala kuphatikiza kwa ziwiri, yachitatu kwa zitatu, ndipo magawo ake amasokonekera: ena amalandira manambala awiri, ena palibe. Ngati makolamu sanali a normal, ngakhale maonekedwe a distribution amasintha, moti mukhoza kupeza mvula yochepera ziro. Njira ya Iman ndi Conover imachitira kuchulukitsako pa tebulo lapambali S, n'kutengako ndondomeko yokha.

Ndinapempha 0.7 koma ndikayeza ndikupeza nambala ina. Chalakwika n'chiyani?

Poyamba onani mtundu wa correlation umene mukuyeza. Njirayi imasamala za rank, choncho muyeso woyenera ndi wa Spearman. CORREL ya Excel, cor ya R mukapanda kusintha, ndi np.corrcoef zonse zimapereka wa Pearson, umene umasintha malinga ndi maonekedwe a distribution. Pa distribution yopendekera mbali imodzi, awiriwa amasiyana kwambiri. Palinso malire amene Pearson sangadutse: ma lognormal awiri a sigma 1 sangafike pansi pa −0.37, ngakhale mutawasanja motsutsana kotheratu pamene Spearman ali −1. Ngati nambala imene muli nayo inawerengedwa ngati Pearson kuchokera ku deta, bwererani ku detayo muwerengere Spearman.

Chachiwiri ndi chaching'ono koma chilipo. Matrix C imagwira ntchito pa manambala a normal a mu S, ndipo Spearman wa manambala a normal amatsalira pang'ono pansi pa Pearson wawo. Mukaika 0.7, Spearman adzatuluka pafupi ndi 0.68. Kuti mukonze, sinthani nambala iliyonse ya mu C ndi 2·sin(π·ρ/6) musanayambe. Pa 0.5 muike 0.518, pa 0.7 muike 0.717.

Chotsala ndi kuchepa kwa mizere. Pa mizere 20 kapena 30 musayembekezere kufika ndendende. Mukhoza kuyesa ma seed angapo n'kusunga tebulo loyandikira kwambiri, bola muchite zimenezo musanayendetse modelo, osati mutaona zotsatira zake.

Pulogalamu ikuti matrix si positive definite. Zikutanthauzanji?

Zikutanthauza kuti mwapempha chinthu chosatheka. Ngati zolowetsa A ndi B zili ndi correlation ya 0.9, ndipo A ndi D zilinso ndi 0.9, B ndi D sizingakhale zosayendera limodzi. Masamu amakakamiza correlation yawo kukhala pakati pa 0.62 ndi 1. Mukasiya ziro m'bokosi limenelo poganiza kuti simukulidziwa, Cholesky imalephera. Ziro mu matrix sikutanthauza kusadziwa, ndi chigamulo chakuti awiriwo sayendera limodzi.

Vutoli limabwera kwambiri pamene manambala atengedwa kwa akatswiri osiyanasiyana, kapena awerengedwa kuchokera ku deta yokhala ndi mipata, awiri aliwonse pa zaka zawozawo. Werengerani ma eigenvalue a matrix. Ngati imodzi ndi ziro kapena yochepera ziro, vuto ndi limenelo. Nicholas Higham anatulutsa mu 2002 njira yopezera matrix yovomerezeka yoyandikira kwambiri, ndipo imapezeka ngati nearPD mu phukusi la Matrix la R komanso corr_nearest mu statsmodels. Mapulogalamu ena amakonza okha matrix yotere. Onani matrix yokonzedwayo ndi maso anu. Ngati 0.9 yatsika kufika 0.88 palibe vuto, koma ngati yafika 0.7, kompyuta yasintha nkhani yanu, ndipo ndi bwino kubwerera kwa eni manambalawo kuti agwirizane.

Uthenga womwewo umatulukanso ngati mizere ndi yochepa kuposa makolamu kapena yofanana nawo. Apo vuto lili pa T, osati pa C. Onjezerani mizere.

Zolowetsa zanga siziyendera limodzi. Kodi ndikufunikabe zonsezi?

Inde, makamaka ngati mizere ndi yochepa. Kusakaniza mwamaere kumapereka correlation yangozi yokula pafupifupi 1 kugawa ndi square root ya n−1: pafupifupi 0.14 pa mizere 50, 0.10 pa mizere 100, ndi 0.03 pa mizere 1,000. Zolowetsa 20 zimapanga awiriawiri 190, ndipo pa mizere 50 si zachilendo kuti awiri ena afike pafupi ndi 0.4 mwangozi. Pounika kuti cholowetsa chofunika ndi chiti, chosafunika chikhoza kuoneka chofunika chabe chifukwa chagwera mizere yofanana ndi chofunikacho.

Mankhwala ake ndi njira yomweyo ya Iman ndi Conover, C ikhale ya ma 1 pa diagonal ndi ziro kwina konse. A Sandia amatcha zimenezi restricted pairing.

Ndikufunika mizere ingati?

Pali lamulo lakale limene limatchulidwa kawirikawiri, lakuti mizere ikhale yosachepera 4/3 kuchulukitsa ndi makolamu. Limeneli ndi malire apansi oti masamu atheke, si chitsimikizo cha yankho labwino. Avareji imakhazikika msanga. Nsonga za distribution, kumene kuli manambala aang'ono kwambiri ndi aakulu kwambiri, zimafuna zambiri: pa mizere 100, pamwamba pa percentile ya 99 ya cholowetsa chilichonse pali nambala imodzi yokha, ndipo simungamange chigamulo pa nambala imodzi. Ngati funso lanu ndi la chochitika cha kamodzi pa 1,000, mufunika mizere masauzande angapo kapena njira ina monga importance sampling.

Njira yodalirika ndi kuyesa: yendetsani 100, kenako 200, kenako 400, muone ngati nambala imene mukuifuna yasiya kusuntha.

Ndingadziwe bwanji kukula kwa cholakwika pa yankho langa?

Fomula yozolowereka, standard deviation kugawa ndi square root ya n, inapangidwira mizere yoima payokha. Mizere ya Latin hypercube siima payokha, popeza gawo likatengedwa ndi mzere umodzi, wina sungalitengenso. Nthawi zambiri fomulayo imakokomeza cholakwika. Njira yoyenera ndi kupanga masampulo angapo a ma seed osiyana, kuwerengera yankho pa iliyonse, kenako kuyeza kusiyana kwa mayankhowo. Pa kuwunika kwa WIPP kwa 1996 anagwiritsa ntchito masampulo atatu a mizere 100 iliyonse. Ngati modelo yanu ikulola, 5 kapena 10 amapereka muyeso wokhazikika kwambiri.

Samalaninso ndi lamulo la Wilks, lakuti maulendo 59 amakwanira kunena motsimikiza 95 pa 100 kuti chotsatira chachikulu kwambiri chaposa percentile ya 95. Lamuloli limafuna maere wamba. Musaligwiritse ntchito pa tebulo la Latin hypercube.

Kodi ndingawonjezere mizere pa tebulo lomwe ndayendetsa kale?

Osati mwa kungomata ina pansi. Tebulo la mizere 100 lili ndi magawo 100. Mukawonjezera mizere 30, tebulo lonselo silikhalanso Latin hypercube ya magawo 130. Chotheka ndi kuwirikiza: gawo lililonse lidulidwe pakati, ndipo theka lopanda nambala lilandire yatsopano, kuti 100 ikhale 200 kenako 400. Dakota imachita zimenezi. Kupanda apo, pangani tebulo lina lofanana kukula ndi seed ina, mulitenge ngati sampulo yachiwiri monga tafotokozera pa funso lapitali.

Ngati mukudziwiratu kuti mudzawonjezera ndipo zolowetsa siziyendera limodzi, ganizirani njira ina yosankhira, ya manambala a Sobol, amene amawonjezeka mwa kuwirikiza: 128, 256, 512.

Kusankha pakati pa gawo kapena mwamaere mkati mwa gawo, chabwino n'chiti?

Mapulogalamu ambiri amalola zonse. Kutenga pakati kumapereka avareji yokhazikika, koma kumadula nsonga. Pa chitsanzo cha mvula chija, manambala adzakhala 708, 821, 900, 979 ndi 1,092 ulendo uliwonse, ngakhale musinthe seed. Pa mizere 100 simudzapitirira 0.005 ndi 0.995. Ngati nsonga ndi zofunika, kapena mukufuna kuyeza cholakwika ndi masampulo angapo, sankhani mwamaere.

Manambala akutuluka aakulu modabwitsa. Ndalakwitsa pati?

Kawirikawiri ndi lognormal. Mapulogalamu sagwirizana pa manambala amene amapempha. qlnorm ya R ndi LOGNORM.INV ya Excel zimafuna avareji ndi standard deviation za logarithm. lognorm ya SciPy imafuna s, amene ndi sigma wa logarithm, ndi scale, amene ndi median. RiskLognorm ya @RISK imafuna avareji ndi standard deviation zenizeni. Ngati zokolola zili ndi avareji ya matani 2 ndi standard deviation 0.6, n'kulemba 2 ndi 0.6 mu qlnorm, median idzatuluka matani 7.4. Kusintha kwake ndi uku: sigma² = ln(1 + s²/m²), ndipo mu = ln(m) − sigma²/2. Pa chitsanzochi sigma ndi 0.294 ndipo mu ndi 0.650.

Msampha wina uli pa uniform ya SciPy, imene imapempha poyambira ndi kutalika, osati poyambira ndi pothera. uniform(10, 15) ndi 10 mpaka 25. Mu Excel, NORM.INV imapereka #NUM! ikalandira 0 kapena 1 ndendende, ndipo RAND imasintha nthawi iliyonse pamene mwakhudza shiti, choncho tebulo likatha likopereni ngati manambala wamba.

Nanga zolowetsa zimene ziyenera kukwana 100 pa 100, kapena chimodzi chisapose chinzake?

Correlation siingatsimikize malamulo otere. Ngakhale pa 0.95, mizere ina idzaika nambala ya pansi pamwamba pa ya pamwamba. Kutaya mizere yolakwikayo kumaboola magawo ndipo kumasintha distribution mosadziwika. Sinthani zimene mukusankha: tengani nambala ya pansi ndi kusiyana kwake kumene sikutsika pansi pa ziro, kenako phatikizani. Pa zigawo zoyenera kukwana 100 pa 100, monga mchenga, dongo ndi dothi lapakati, gwiritsani ntchito Dirichlet distribution, imene imapangidwa posankha manambala a gamma n'kugawa iliyonse ndi chiwerengero chawo chonse.

Zolowetsa za inde kapena ayi zimalowa mu Latin hypercube bwinobwino: mwayi wa 0.3 pa mizere 100 umapereka ma inde 30 ndendende. Koma manambala ofanana ndi ambiri, choncho correlation imene mudzayeze idzatsalira pansi pa imene munapempha.

Kodi njirayi imagwira bwino pamene zoipa zimachitikira limodzi?

Apa ndi pamene imafooka, ndipo ndi bwino kudziwa. Popeza ndondomeko imachokera ku manambala a normal, kuyendera limodzi kwake ndi kwa Gaussian copula. Copula ndi fomula yofotokoza mmene zinthu zimayendera limodzi. Mu copula imeneyi, pamene mukupita kunsonga kwenikweni, zinthu ziwiri zimayamba kulekana, ngakhale correlation ikhale 0.8. Koma mitsinje iwiri yoyandikana imasefukira limodzi pa namondwe mmodzi, ndipo mitengo ya pa msika imagwera limodzi pa nthawi ya mavuto. Ngati funso lanu lili pa masiku oipa oterowo, matrix ya correlation yokha idzachepetsa ngozi.

Yankho silifuna kutaya Latin hypercube. M'malo mwa S2, pangani tebulo lochokera ku copula ina: t copula ngati nsonga zonse ziwiri zimayendera limodzi, Clayton ngati ndi ya pansi, Gumbel ngati ndi ya pamwamba. Tengani ma rank ake, musanje X monga kale. Phukusi la copula la R ndi OpenTURNS ya Python zili ndi zonsezi. Komanso, ngati mukudziwa chifukwa chimene zinthu ziwiri zimayendera limodzi, monga zonse zimadalira mvula, ndi bwino kulemba ubalewo mu modelo ndi kusankha mvula yokha kusiyana ndi kulingalira nambala ya correlation.

Ndiyeze chiyani ndisanayendetse modelo?

Yambani ndi magawo. Dutsitsani kolamu iliyonse pa CDF yake, chulukitsani ndi n, dulani zapambuyo pa kadontho. Muyenera kupeza 0 mpaka n−1, iliyonse kamodzi. Kenako onani nambala yaing'ono, yaikulu ndi avareji ya kolamu iliyonse, ndi mayunitsi ake. Werengerani matrix ya Spearman, muchotse C, muone kusiyana kwakukulu kwambiri, kuphatikizapo m'mabokosi amene munaika ziro. Jambulani magirafu a madontho a makolamu awiriawiri, chifukwa diso limaona msanga mzere wosatheka. Tsimikizaninso kuti ndondomeko ya makolamu ikufanana ndi ya matrix. Kusinthanitsa makolamu awiri sikutulutsa uthenga uliwonse wochenjeza.

Sungani tebulo lenilenilo mu fayilo ya CSV pamodzi ndi seed ndi nambala ya mtundu wa pulogalamu. Seed yomweyo siitsimikiza tebulo lomwelo pa pulogalamu ina, ngakhale pa mtundu watsopano wa pulogalamu yomweyo.

Modelo yakana kuyenda pa mizere ina. Ndiitaye?

Musaitaye mwakachetechete. Mizere yolephera nthawi zambiri imaunjikana kunsonga, kumene modelo ikupanikizika, ndipo kuitaya kumakokera yankho ku mbali yabwino. Ikani chizindikiro pa mizereyo, muijambule pa magirafu a zolowetsa, muone ngati ili pamodzi. Ngati ili pa manambala osatheka m'chilengedwe, distribution kapena correlation yanu ndi imene ikufunika kukonza, ndipo tebulo lipangidwenso. Ngati manambalawo ndi otheka, vuto lili mu modelo, mwina time step ndi yaikulu kapena solver sikufika pa yankho. Mu lipoti lembani kuchuluka kwa mizere yolephera ndi kumene inali.

Kodi tebulo lomweli lingandiuze cholowetsa chofunika kwambiri?

Inde, popanda kuyendetsanso modelo. Njira yozolowereka ndi PRCC, imene imayeza ubale wa ma rank a cholowetsa chimodzi ndi zotsatira, mphamvu ya zinazo itachotsedwa. Mu R imapezeka ngati pcc ya phukusi la sensitivity, mukaika rank = TRUE. Imafuna kuti zotsatira zizingokwera kapena kungotsika, choncho yambani mwaona girafu. Ubale wooneka ngati chilembo U umapereka PRCC yoyandikira ziro ngakhale cholowetsacho chili champhamvu.

Pamene zolowetsa ziwiri zili ndi correlation yaikulu, monga 0.9, PRCC imavutika kuzisiyanitsa, ndipo zonse ziwiri zikhoza kuoneka zofooka kapena imodzi kusintha chizindikiro. Zitengeni ngati gulu limodzi, kapena chotsani imodzi pa kuunikako. Ma Sobol index amene SALib imawerengera mwa njira ya Saltelli amafuna tebulo lawolawo ndiponso zolowetsa zosayendera limodzi, choncho musawadyetse tebulo losanjidwa ndi Iman ndi Conover.